Mbendera Yachikasu m'Manja mwa Mkamwini

Pakati pa sabata aNambendera amasoka mipando ya galimoto. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ogulitsira matayala, ndipo ukalowamo umayenda chammbali, chifukwa masiponji, zikopa ndi mipando yotuluka matumbo zinalanda malo onse kalekale. Makina awo osokera ndi opondera ndi phazi, okalamba kuposa mwana wawo. Koma dzina lakuti aNambendera silinachokere m'kachipindamo. Linachokera ku bwalo la mipikisano ya magalimoto, kunja kwa tauni, komwe akhala akuima ndi mbendera pakona imodzimodzi kuyambira tsitsi lawo lisanayambe imvi.

Chinawatengera kumeneko ndi funso. Tsiku lina kunabwera munthu ndi mpando, nawapempha kuti auchepetse kuti uzimufinya m'nthitimu. Iwo anali atazolowera anthu ofuna mipando yofewa ngati matiresi, ndiye anafunsa kuti munthu wabwinobwino angafunirenji mpando womufinya. Iye anati apite ku bwalo Lamlungu akaone okha. Anapita ndi ambulera, akuti akangosuzumira, koma anafunsa mafunso mpaka akuluakulu a bwalolo anatopa nawo, nawapatsa mbendera kuti mwina manja akatanganidwa pakamwa papuma. Manja anatanganidwadi, koma pakamwa sipanapume mpaka lero.

Amuna awo, omwe anapuma pa ntchito ya ukondakitala wa basi, sanapondeko ku bwaloko ngakhale kamodzi. Amati galimoto yothamanga tsiku lonse osatsitsa munthu paliponse, n'kudzaima pomwe inanyamukira, ndi yofunika kuipempherera. Akawaseka chonchi, aNambendera amangoti safunsa anadya phula, n'kutenga chipewa chawo, ulendo. Eni akewo sadziwa kuyendetsa galimoto, ngakhale njinga yomwe, ndipo zimenezi siziwachititsa manyazi.

Ntchito ya pakona imayenda motere. Kuseri kwa mpanda wa matayala kumaima anthu awiri moyang'anizana. Mmodzi amayang'ana komwe magalimoto akuchokera, atagwira mbendera yabuluu, youza woyendetsa kuti kumbuyo kwake kukubwera wina wothamanga kuposa iye. Winayo amayang'ana komwe magalimoto akupita, atagwira yachikasu. Akaona kuti kutsogolo kwagwa ngozi amaikupiza, kuti amene akubwera achepetse liwiro ndiponso asapitirirane. Tsono wa mbendera yachikasuyo amaima chofulatira magalimoto. Phokoso lonse limachokera kumsana kwake, koma saloledwa kucheuka, chifukwa akangocheuka palibenso woyang'ana kutsogolo. Msana wake amausiya m'maso mwa mnzake, yemwe akaona galimoto ikusiya msewu kulunjika pa iwo amamukoka kolala n'kuthawa naye.

Kwa zaka zambiri aNambendera ankagwira yachikasu, ndipo msana wawo ankawasungira ndi mphunzitsi wina wopuma, munthu wodekha, wokonda kutafuna mtedza wa m'thumba. Awiriwa ankadziwana nkhope kuposa momwe anthu ena okwatirana amadziwirana. Mphunzitsiyo nsidze zikangokwera, aNambendera ankadziwa kuti kumbuyo kwavuta.

Mkamwini wawo anamupeza ku bwalo komweko. Mwana wawo wamkazi anawabweretsera madzi akumwa Lamlungu lina, nabwerera kunyumba atasiya mtima m'galaja ya makanika wina wamanyazi, yemwenso ankathamangitsa galimoto m'mipikisano. Choncho aNambendera analibe womuloza chala pa za ukwati umenewu. Mkamwiniyo kunyumba ndi munthu wovula chipewa akamapereka moni, wolankhula ngati mawu akugulitsidwa. Akangomanga lamba m'galimoto, amasanduka wina amene apongozi ake sakumudziwa.

Mlandu wake unagwa pakona pawo pomwepo. Galimoto ina inazima itangodutsa kona, theka lake lili mumsewu. Mphunzitsi uja anatuluka kuseri kwa matayala kukathandiza kuikankha, aNambendera n'kuyamba kukupiza yachikasu ndi mphamvu zawo zonse. Magalimoto awiri anachepetsa liwiro monga mwa lamulo. Yachitatu inabwera osachotsa phazi, inapitirira awiri aja, ndipo inadutsa pafupi ndi mphunzitsi moti mphepo yake inamugwetsera m'matayala. Sanavulale kwenikweni, anangosupuka chigongono. Koma madzulo a tsikulo anapinda malaya ake a ntchito, nawasiya pa mpanda, ndipo sanabwerenso.

Pa wayilesi yam'manja satchula dzina la munthu, amatchula nambala ya galimoto. ANambendera anatchula nambalayo mawu osanjenjemera, ngakhale mpando wa galimoto imeneyo anausoka iwo omwe.

Bungwe loyang'anira mipikisano limakumana m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya penti. Masitepe ake ndi otsetsereka, fani ya kudenga inaleka kuzungulira kalekale, ndipo pashelefu pali zikho zakale zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. ANambendera anali atakwerako kangapo ngati mboni, ndipo kunena zoona ankakukonda. Chinkawasangalatsa n'chakuti akuluakulu a mataye amatulutsa timagalimoto ta ana m'bokosi, n'kumatikankha patebulo kuti aone bwino momwe zinthu zinayendera. Wapampando, yemwe ndi dokotala wa mano, amalankhula motsitsa ngati akutonthoza munthu asanamuzule dzino. Tsiku limenelo anaika kabotolo ka guluu pakona ya tebulo kuti kakhale mphunzitsi.

"Mbendera munaiona?" wapampando anafunsa mkamwiniyo.

"Sindinaione, bwana."

"Inali m'mwamba. Anzanu awiri anaiona."

"Sindikukana kuti inalipo. Koma ine sindinaione."

Anamutumiza kukapimitsa maso, ndipo maso anapezeka kuti ndi akuthwa kuposa a komiti yonse. Atabwerako, wapampando anapereka chigamulo. Chiphaso chake chothamangira chikhala m'dirowa ya bungwe. Sadzaloledwa kufika komwe amakonzera magalimoto a mpikisano, ngakhale kungopatsira mnzake sipanala. Mpikisano uliwonse mpaka nyengo ya mipikisano ithe, azikaima pakona pomwe analakwira, atagwira mbendera imene akuti sanaioneyo. Pambuyo pake adzabwerenso m'chipinda chomwecho, ndipo mkulu wa pakonapo adzanena ngati munthuyu ali woyenera kubwerera mumsewu. Mawu a mkuluyo akadzakhala okana, chiphaso chidzagonanso m'dirowa chaka china.

Kenaka wapampando anatembenukira kwa aNambendera. "Mayi, tikudziwa kuti ndi mkamwini wanu. Titha kukusunthirani pakona ina, pamenepo tiikepo wina."

"Wolakwa ndi iwo, wosamuka ndikhale ine?" anatero aNambendera. "Ndiwatenga."

Sanatero chifukwa cholimba mtima chabe. Funso linali litawalowa ngati minga. Mbendera imeneyo anaisoka okha, nsalu yowala, yaikulu ngati thaulo losambira. Munthu wamaso abwino angalephere bwanji kuiona? Sankakhulupirira kuti mkamwini wawo akunama, chifukwa sadziwa kunama, makutu ake amayamba ndiwo kuulula. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika m'mutu mwa munthu akalowa m'chipewa cholimba cha mpikisano.

Lamlungu loyamba anamupatsa malaya a ntchito ndi yachikasu, iwo n'kutenga yabuluu. Anamuimika chofulatira msewu. Mkamwini anasowa poika maso, chifukwa pamaso pake penipeni panali nkhope ya apongozi ake, ndipo chikwatire anali asanaiyang'anepo nthawi yaitali chonchi.

"Musayang'ane nsapato zanga, bambo. Yang'anani kutsogolo uko, kudutsa paphewa langali. Nkhope yanga muziiona ndi ngodya ya diso."

"Chabwino, amayi."

Magalimoto atangoyamba kulira kutali, khosi la mkamwini linatembenuka lokha. Anamudzudzula. Anapepesa, n'kuyang'ana kutsogolo. Atabweranso ulendo wachiwiri, khosi lija linapitanso. Anthu ena onse amene aNambendera anawaphunzitsa ntchitoyi ankacheuka chifukwa cha mantha, ndipo mantha amatha ndi kuzolowera. Uyu sankacheuka ndi mantha. Ankafuna kuona kuti ndani watsogola, wagwira buleki pati, walowa bwanji m'kona. Anayambanso kuona kuti phazi lake lamanja linkaponda pansi mwamphamvu galimoto iliyonse ikafika pamalo ogwirira buleki, moti pofika masana anali atakumba kadzenje ndi nsapato.

"Mukuyendetsa galimoto ya yani pamenepo?" anamufunsa pa nthawi yopuma, akuloza kadzenjeko.

Mkamwini anayang'ana pansi, manyazi atamugwira. "Limangochita lokha, amayi."

"Tandiuzani tsono. Mukamabwera apa muli m'galimoto, mumaona chiyani?"

Mkamwini anati munthu akamalowa m'kona maso ake amakhala atatuluka kale, ali kutsogolo komwe akufuna kukafika. Zonse za m'mbali zimangokhala mitundu yothamanga. Anati amadziwa kuti pakonapo pali anthu, koma amadziwa monga momwe munthu amadziwira kuti pamsewu wa kwawo pali mtengo.

"Mtengo," anatero aNambendera.

"Pepani, amayi, sindimatanthauza..."

"Ayi, pitirizani. Mtengowo ukakupiza nsalu yachikasu?"

"Tsiku limene lija ndinali nditatsala pang'ono kuwapeza awiri aja. Nditaona akuchepetsa, mutu unangondiuza kuti mpata uwo. Sunandiuze kuti afuniranji kuchepetsa."

ANambendera anaitafuna nkhaniyi sabata yonse akupondaponda makina. Inawakwiyitsa, komanso inawakomera, monga zimakhalira ukapeza yankho la chinthu chimene chakuvutitsa. Anayamba kukonda masiku a mpikisano mwa njira ina. Ankamufunsa chifukwa chimene galimoto ina imalira ngati ikutsokomola, chifukwa chimene wina amalowa m'kona motalikira, ndipo mkamwini wosalankhula uja ankamasuka n'kufotokoza ndi manja omwe. Koma khosi silinasiye. Lamlungu lachiwiri, lachitatu, linali kutembenukabe, ngakhale kuti tsopano linkabwerera msanga.

Nyengo ili pakati, mwana wawo anafika ku shopu pa nthawi ya nkhomaliro, atavala yunifolomu ya ku sitolo ya mankhwala komwe amagwira ntchito. Anasuntha siponji, nakhala pa mpando wa minibasi wopanda chivundikiro. ANambendera anaganiza kuti wabwera kudzapepesera mwamuna wake, ndipo anali atakonza kale yankho.

"Amayi, akuchita bwanji kumeneko?"

"Akuphunzira. Koma khosi lawo lili ndi mwini wake wina. Amacheukabe."

"Ndiye mukanene zomwezo."

ANambendera anaimitsa makina.

"Mukawauze a bungwe kuti sanakonzeke," anapitiriza mwanayo. "Si bodza. Mwanena nokha kuti amacheuka."

"Iwe, ukudziwa chimene ukupempha? Chiphaso chigonanso chaka."

"Chigone. Chiwatengereni chiphasocho ine ndikugona tulo. Lamlungu ndimadziwa kuti ali kuseri kwa matayala, pafupi ndi inu. Madzulo amabwera ndi miyendo yonse, amasewera ndi mwana. Kale foni ikalira Lamlungu masana ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe."

"Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Amene ananena zimenezo sanakwatiweko," anatero mwanayo, osaseka. "Ine ndimaopa, amayi. Ndakhala ndikuopa kuyambira tsiku loyamba, kungoti ndinalibe pouzira. Ndikawauza eni ake adzasiya chifukwa cha ine, n'kumandiyang'ana moyo wonse ngati ndinawadula mwendo. Koma akakana a bungwe, palibe wolakwa."

Atachoka, aNambendera anakhala osasoka mpaka kasitomala anagogoda. Anamumvera chisoni mwana wawo, ndipo anadzimvera manyazi kuti zaka zonsezi ankafunsa mafunso anthu a ku bwalo, osafunsapo wa m'nyumba mwawo. Anadzitonthoza kuti mwina sipadzafunika kusankha. Mkamwini akapitiriza kucheuka, adzanena zoona, mwana adzapeza chimene akufuna, ndipo iwo adzatsika masitepe aja mtima uli m'malo.

Kuyambira pamenepo ntchito ya pakona inawalemera. Pakamwa pankamudzudzula mkamwini kuti ayang'ane kutsogolo, pamene mtima unkadikira kuti acheuke. Akacheuka ankapsa mtima ngati mphunzitsi, n'kupumanso bwino ngati mayi. Tsoka lake, munthuyo anayamba kusintha. Chinayambitsa ndi mnzake wina wa mpikisano amene anadutsa pa mbendera yake atangochepetsa pang'ono chabe, chonamizira. Mkamwini anamva mphepo ikumenya buluku lake, naona anthu okankha galimoto kutsogolo akudumphira kumbali. Anasanduka wotuwa. Anapempha wayilesi natchula yekha nambala ya mnzakeyo, ndipo tsiku lonselo sanalankhulenso za mainjini.

Mpikisano womaliza wa nyengo unachitika kutagwa mvula m'mawa, msewu uli woterera mwina ndi mwina. Chakumasana galimoto ina inazungulira itangodutsa kona, n'kuima chopingasa. Anthu a pakona yotsatira anathamanga kukaikankha. Mkamwini anaona msanga, nayamba kukupiza yachikasu ndi dzanja lonse, monga anamuphunzitsira.

ANambendera, omwe ankayang'ana kobwera magalimoto, anaona ina ikubwera mochedwa kugwira buleki. Matayala ake anatseka, inayamba kutsetsereka chammbali, ikulira kulira koboola m'makutu, kulunjika ku mpanda wawo. Anatambasula dzanja n'kugwira kolala ya mkamwini. Sanakoke. Zaka zonse zija zinawauza kuti galimotoyo ifika m'miyala yothiridwa m'mbali mwa msewu ndipo ikaima momwemo, isanakhudze matayala. Akanamukoka, mbendera ikanatsika, ndipo magalimoto ena anali akubwerabe pamene anthu ali mumsewu kutsogolo.

Phokoso lonselo linali kumsana kwa mkamwini, pafupi moti aliyense wobadwa mwa mkazi akanacheuka. Iwo anaona mitsempha ya m'khosi mwake itaima. Anaona maso ake akubwera pankhope yawo kamodzi, kufunsa, n'kubwereranso kutsogolo. Miyala inauluka n'kumuwaza kumsana ndi m'chipewa. Dzanja la mbendera silinaime. Galimoto ija inatitimira m'miyala n'kuzima, ena onse anadutsa pang'onopang'ono motsatana, ndipo okankha aja anachotsa galimoto yawo bwinobwino.

Atachotsa dzanja pa kolala, aNambendera anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ananyadira munthuyo kuposa tsiku lililonse limene anapambana mpikisano. Ndipo anadziwa kuti pothawira pawo paja patsekeka.

Mpikisano utatha, mkamwini anakhala pa tayala, akulimbana ndi chotsekera cha botolo la madzi. Anamutsegulira.

"Munadziwa bwanji kuti siifika?" anafunsa.

"Ndinaona. Nanga inu munadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe. Ndinaona kuti simukukoka." Anamwa madzi pang'ono. "Amayi, aphunzitsi aja amakhala kuti?"

Anamulongosolera njira, ndipo sanamufunse chimene akukanena kumeneko, ngakhale funsolo linawayabwa pakamwa.

Sabata yotsatira anakweranso masitepe a pamwamba pa sitolo ya penti. Usiku wake anali atayesa kufunsa amuna awo maganizo, koma iwo anangoti mlandu wa magalimoto osapita kulikonse sauzindikira, kenaka, ataona nkhope ya akazi awo, anawonjeza kuti mwana ndi wawo onse awiri koma pakamwa ndi pa mmodzi. Sizinathandize kwenikweni.

Mkamwini anauzidwa kuti adikire panja. Wapampando anayamba ndi kufunsa ngati munthuyo ankafika pa nthawi yake, ngati ankamvera, ngati anaphonyapo tsiku. Zonsezo zinali zosavuta kuyankha.

"Ankacheuka?"

"Kwambiri. Poyamba ndinkaganiza kuti khosi lithyoka."

A komiti anaseka, mmodzi n'kulemba. ANambendera anaona kuti akangotseka pakamwa pamenepa, nkhani yatha. Sananame ngakhale liwu limodzi. Akanatha kutenga chikwama chawo, kutsika, n'kukauza mwana wawo kuti agone tulo chaka china. Anagwiradi chikwamacho.

Koma bungweli lili ndi funso limodzi limene limafunsa mkulu wa pakona pa mlandu uliwonse wotere, ndipo iwo ankalidziwa, chifukwa anali ataliyankhapo za ana a eni. Wapampando anavula magalasi.

"Mayi, nyengo ikubwerayi mubwerera pa mbendera yanu yachikasu. Mungaime chofulatira msewu, mukudziwa kuti amene akubwera kumbuyo kwanu ndi munthu ameneyu?"

Anayang'ana timagalimoto tija tili m'bokosi mwake. Anaganiza za mwana wawo atakhala pa mpando wopanda chivundikiro, akunena kuti amayamba wakhala pansi asanayankhe foni. Anayesa kuumba liwu lakuti ayi m'kamwa, koma linakana kuumbika.

"Ndingaime," anatero. Kenaka anafotokoza za galimoto yotsetsereka ija, za miyala, ndi za dzanja limene silinaime.

Anamuitana mkamwini. Wapampando anatsegula dirowa, natulutsa chiphaso, namuuza kuti mipikisano yoyambirira azinyamukira kumbuyo kwa onse, ndipo akadzalakwanso pa mbendera sadzafunikanso kukwera masitepe, adzangomva uthenga. Mkamwini analandira ndi manja awiri. Potsika anayesa kuthokoza apongozi ake, koma iwo anamudula.

"Pitani ku galaja, bambo. Kunyumba kwanu ndiyambe ndafika ine."

Anamupeza mwana wawo kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Mdzukulu anali asanaweruke kusukulu. Mwanayo anawayang'ana kamodzi, napitiriza kukung'untha malaya.

"Awabwezera?"

"Awabwezera."

"Chifukwa cha mawu anu."

"Eya."

Panjira aNambendera anali atakonza zambiri zonena. Ankafuna kufotokoza kuti akanama lero, mawa mawu awo sadzalemera kanthu pamene adzafunika kuchotsa mumsewu munthu amene angaphe mwamuna wa mwana wawo yemweyo. Ankafuna kunena kuti munthuyo wasinthadi. Koma ataima pamenepo anaona kuti amenewo ndi mawu a m'chipinda cha komiti, ndipo kuseri kwa nyumba ya mwana wawo analibe ntchito. Anangoti, "Anandifunsa, ndipo ndinalephera."

Mwanayo anayanika malaya aja, naika zopanira mosamala, chimodzi chimodzi. Sanalire. ANambendera akanakonda akanalira.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Koma mundilonjeze chinthu chimodzi. Chikadzachitika, kaya pakona panu kaya pena paliponse, musadzatume munthu. Musadzaimbe foni. Mudzabwere nokha, mudzaime pakhomo pano, mudzandiuze ndi pakamwa panu. Ndinu mwawabwezera."

"Mwana wanga..."

"Ndilonjezeni, amayi."

"Ndidzabwera," anatero aNambendera.

Mkamwini akuthamangabe, ndipo mpaka pano sanalakwenso pa mbendera. Mayi ndi mwana amayenderana monga kale. ANambendera amapita kukacheza Lachitatu, Loweruka, tsiku lililonse limene ntchito yachepa, n'kusewera ndi mdzukulu mpaka dzuwa kupendeka. Kale ankakonda kudzera kumeneko pochokera ku bwalo, fumbi lili m'maso, kukamwa tiyi ndi kusimba za mpikisano. Tsopano Lamlungu la mpikisano amatsika basi siteji imodzi asanafike, n'kuzungulira njira yaitali ya kuseri kwa msika, miyendo itatopa kale, kuti mwana wawo asadzasuzumire pazenera n'kuwaona akubwera.